Cimwemwe ca pa 25, nanga misozi ya pa 26 tiitani?

Ife amene timatsogolera mapemphero m'machalichi a kumidzi, kumene wansembe amafika kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, timaona nkhope za anthu pafupi kwambiri. Usiku wa pa 24 Disemba chalichi cimadzaza mpaka ena kuima pa mawindo. Ng'oma zimalira, amai amaimba nthungululu, ndipo ana amakankhana kuti aone kakhola ka udzu kamene anyamata amanga pafupi ndi guwa. Koma mukayang'ana ku benchi yakumbuyo mudzapeza mai wina ali cete, citenje cili kumaso. Caka catha anabwera ndi amuna ake, caka cino wabwera yekha.

Anthu ambiri amatifunsa mobisa akatuluka m'chalichi kuti, kodi ndi cimo kukhala wacisoni pa tsiku lobadwa Ambuye? Ife timayankha kuti ai, ndipo kalendala ya Mpingo ndiyo mboni yathu. Pa 25 wansembe amavala zoyera. M'mawa mwake, pa 26, amavala zofiira cifukwa tikumbukira Stefano Woyera, woyamba kuphedwa cifukwa ca cikhulupiriro, amene anaponyedwa miyala. Pa 27 zoyera zimabwereranso pa Yohane Mtumwi, ndipo pa 28 zofiiranso, pokumbukira ana a ku Betelehemu amene Herode analamula kuti aphedwe, monga tiwerenga mu Mateyo mutu 2. Zimasintha pokhapo limodzi la masiku a pa 26, 27 ndi 28 likagwa pa Lamulungu, pamene timacita cikondwerero ca Banja Loyera. Tili anyamata ku seminale tinkadabwa kuti n'cifukwa ciani anaika maliro pafupi conci ndi phwando. Tsopano imvi zamera, ndipo taika m'manda anthu okwanira m'sabata ya Khrisimasi, sitidabwanso.

Kwa mlimi wa kuno kum'mawa, kukwera ndi kutsika kwa mtima kumeneku kuli ndi zifukwa zake zooneka ndi maso. Khrisimasi imatipeza pakati pa dzinja, udzu uli pa mpikisano ndi cimanga, nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Ndalama za mbeu zimene tinagulitsa mu Julayi ndi Ogasiti zinatha kalekale. Ndiye ana afuna mpunga ndi nkhuku, afuna nsapato zatsopano monga za anzao, pomwe m'munda cimanga cikudikira yuriya. Apa m'pamene bambo wa nyumba amayesedwa. Pali anthu amene amatenga thumba limodzi la fataleza wa FISP nakagulitsa pa mtengo wozizira kuti pakhomo pamveke fungo la saladi. Tsiku limenelo aliyense amaseka. Pofika Febuluwale cimanga cili cacikasu, ndipo m'nyumba mulibe kulankhulana.

Sitinena izi monyoza ai, pakuti nafenso tinacitapo. Caka cina tinagulitsa mbuzi imene tinasungira yunifomu ndi mabuku, poopa kuti alamu ocokera ku Lusaka angatione ngati osauka. Iwo anadya, anayamika, nakwera basi yao pa Great East Road. Ife tinatsala ndi cingwe ca mbuzi. Ngakhale boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Januwale 2022, nsapato, yunifomu ndi makope sizigwa kumwamba.

Alendo a m'tauni amenewa ndiwo cimwemwe cacikulu ca agogo, ndiponso ndiwo cisoni cao. Masiku anai kapena asanu pakhomo pali phokoso la adzukulu, mtondo ukulira, thobwa likuwira. Tsiku lonyamuka, agogo amaperekeza mpaka pa mseu, nabwerera ku nyumba imene yakula mwadzidzidzi. Enanso mwana wao sanabwere n'komwe, anangotumiza ndalama pa foni, kapena sanatumize ciliconse cifukwa nayenso zamuthina. Tikumbukire Khrisimasi ya 2024, pambuyo pa cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka comweco. Mabanja ambiri anadya nsima ya ufa wogula kapena wa cithandizo, ndipo maso onse anali kumwamba kuyang'ana mitambo. Koma nyimbo za usiku umenewo zinamveka mwamphamvu kuposa zaka zina za zokolola zambiri. Ife sitinaiwale.

Cimene cimatidetsa nkhawa koposa ndi njira imene abambo ena amasankha pothawa maganizo. Kacasu amayamba pa 24 ndi kutha pa 2 Januwale. Munthu amene anali kulira m'kati amasanduka wolalata, ndipo pa 26 m'mawa ife akatekisti ndi anyakwawa timakhala pansi pa mtengo kuweruza ndeu za m'banja m'malo mopita kukapalira. Munthu wotere akadapeza mnzake womuuza kuti ngongole yamufika pakhosi, mwina botolo likadacepa. Koma ife amuna tinaphunzitsidwa kumeza, ndipo pa Khrisimasi timameza kawiri poopa kuononga phwando.

Ku mphakati kwathu tinagwirizana kanthu kakang'ono. M'sabata yacitatu ya Adventi timalemba maina a mabanja onse amene anaona maliro m'caka cimeneci, ndi okalamba amene sayembekeza mlendo. Pa 25 banja lililonse limatenga dzina limodzi ndi kutumiza mwana ndi mbale, ngakhale ikhale ya nsima ndi cibwabwa. Tikafika sitiuza wofedwa kuti aleke kulira. Timachula dzina la malemu, pakuti ambiri amalizemba tsiku limenelo, ndipo timakhala naye pang'ono. Pa 26, tsiku la Stefano, tikatha mapemphero a m'mawa timatenga makasu. Caka catha tinali anthu 14 m'munda wa mai uja wa ku benchi yakumbuyo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titamaliza kupalira.