WOGWIRA MSANA AYAMBE WAPHUNZIRA MITSEMPHA

Amene amakhala m'mbali mwa msewu waukulu wa M1 pa Lirangwe, kapena pa msewu wa ku Chileka, adaonapo ngozi ya kabaza. Munthu akangogwa, anthu achifundo amathamanga. Wina agwira mikono, wina miyendo, namuponya m'galimoto. Kodi mukudziwa kuti kunyamula kotereku kungathe kupha ziwalo za munthu amene ngoziyo idamusiya akugwedeza miyendo bwinobwino? Chifukwa chake chili m'phunziro limodzi limene aliyense wofuna ntchito yochiza msana ayenera kuyamba wapambana: phunziro la mitsempha.

M'Chichewa mawu akuti "mtsempha" timatchulira zinthu zingapo. Ulipo woyendamo magazi, ulipo womanga nyama ku fupa, koma pano tikunena za ija yoyendamo uthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umatsika m'kati mwa mafupa a msana, utali wake ngati masentimita 45 mwa munthu wamkulu. Mafupa osuntha amene amautchinjiriza alipo 24: a m'khosi 7, a kumbuyo kwa chifuwa 12, a m'chiuno 5. M'mipata ya msana mumatuluka mitsempha yaing'ono iwiriiwiri, magulu 31, ndipo uliwonse uli ndi dera lake.

Apa mpamene mphunzitsi amagwira ntchito yaikulu. Kawirikawiri iye ndi dokotala amene m'mawa amakhala ndi odwala, masana nkulowa m'kalasi. Sakhutira kuti wophunzira aloweze maina pamtima. Amafuna kuti akaona chizindikiro adziwe pamene pali vuto. Dzanzi la chala chachikulu cha kudzanja lingathe kuchokera m'khosi. Wolephera kudzutsa chala chachikulu cha kuphazi mwina mtsempha wake wapanikizika m'chiuno. Mitsempha yoyendetsa kupuma imatulukira pa fupa lachitatu, lachinayi ndi lachisanu la m'khosi, nchifukwa chake wothyoka khosi angaleke kupuma. Tsono wophunzira amatenga kanyundo kakang'ono, nagogoda pansi pa bondo la mnzake, kuti aone ngati uthenga ukufika ku msana ndi kubwerera.

Kunja kuno kuli ntchito yotchedwa chiropractic, yoongola msana ndi manja, imene D. D. Palmer adaiyambitsa m'chaka cha 1895 ku Davenport, m'dziko la America. Ku South Africa amaiphunzitsa ku Durban ndi ku Johannesburg, ndipo ophunzira ake amayamba ndi maphunziro a mapangidwe a thupi asanaloledwe kugwira wodwala. Kuno kwathu njira yake idayenda mwina. Matenda a poliyo, amene amaononga mitsempha yoyendetsa ziwalo, adachititsa kuti bungwe la Malawi Against Polio likhazikitsidwe m'chaka cha 1979. M'chaka cha 1985 Dr Edward Blair adayambitsa mu Blantyre maphunziro a miyezi 18 a madokotala othandizira pa za mafupa, amene ambiri mwa iwo amatumikira m'zipatala za m'maboma. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine idatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, kumene achinyamata amaphunziranso ntchito yolimbitsa ziwalo.

Nanga ife makolo titengepo chiyani? Choyamba, munthu akagwa pa njinga yamoto kapena mu mtengo wa mango, nadandaula khosi kapena msana, musamukhazike tsonga, musamupinde. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amugoneke pa chinthu cholimba monga chitseko, mutu ndi thupi zili pa mzere umodzi. Chachiwiri, si msana uliwonse wofunika kutikita. Chifuwa chachikulu chimalowanso m'mafupa a msana ndi kuwafooketsa, ndipo kukanikiza msana wotere nkuika munthu pa ngozi. Ngati kuwawa kwa msana kwadza pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kusunga mkodzo, pitani naye msanga ku chipatala cha pa Lirangwe kapena cha pa Chileka, kuti akamutumize ku Queen Elizabeth. Mtsempha waukulu wa mumsana ukaduka sulumikizikanso monga limachitira fupa.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene muli ku sekondale, dziko likusowa manja odziwa ntchito imeneyi. Limbikirani Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Mphamvu za manja zokha sizikwanira: amene adzaloledwe kugwira msana wa mayi wosenza nkhuni kapena wa bambo wolima ndi khasu ndiye amene adakhala pansi zaka zingapo, naphunzira njira ya mtsempha uliwonse kuchokera ku ubongo mpaka ku chala.