Yakuda, yoyela kapena yasiliva? Yambani mwafunsa fumbi la mu Lusaka

Motoka zambili zimene tiyendetsa mu Lusaka tinayamba kuziona pa foni. Cithunzi anajambulila ku Japan, motoka yangosambitsidwa kumene, yaima pa simenti yopanda na kafumbi komwe. Pa cithunzi cotelo Mark X yakuda imadula mtima, ndipo Vitz yofiila imacita kuwala monga tomato ya m'mawa pa Soweto Market. Munthu amatenga loni, n'kulipila, n'kuyembekezela kuti itsike pa doko la Dar es Salaam na kuloŵela pa Nakonde. Pakapita zaka ziŵili, yakuda ija yatuwa monga mphika wosatsuka, yofiila yasuluka pamwamba, koma loni ikali kudulidwa ku malipilo mwezi na mwezi.

Pogula motoka timafunsa za injini, mtunda umene yayenda na mafuta amene imamwa. Za mtundu timangoti, "Iyi ndiye yanikondweletsa." Koma mtunduwo ndiwo udzakuuzani kangati pa wiki mudzapita ku car wash, mmene mudzapsele pa mzele wa motoka mu Great East Road mu October, ndalama zimene panel beater adzachula, komanso mtengo umene wogula adzakupatsani tsiku logulitsa.

Adani atatu a penti

Penti ya motoka za masiku ano ili na miyalo itatu. Pansi pali yogwila citsulo kuti cisacite dzimbili, pakati pali mtundu weniweniwo, pamwamba pali kamuyalo koonekela monga galasi, kamene amisili amati clear coat. Zonse pamodzi n'zopyapyala monga pepala la m'buku. Kunyezimila konse kumene timakonda kuli pa kamuyalo ka pamwambako, ndipo kakatha, katha.

Mu Lusaka kamuyaloka kali na adani atatu. Woyamba ni dzuŵa. Mzinda wathu uli pamalo okwela, mamita oposa 1,200 kucokela pa nyanja yamcele, ndipo motoka zambili zimaswela panja, popanda galaji olo kamthunzi. Waciŵili ni fumbi, maka-maka mphepo ya mu August ikayamba mpaka mvula itagwa mu November. Wacitatu ambili samuganizila: madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, n'cifukwa cake ketulo imacita zoyela-yela mkati. Madzi a pa borehole akaumila pa boneti yotentha amasiya timadontho toyela, ndipo tukakhalitsa tumadya penti.

Adani amenewa amagwila motoka iliyonse. Kusiyana n'kwakuti mitundu ina imabisa mabala, ina imaulula zonse.

Yakuda: ulemu wodula

Palibe angakane, motoka yakuda yosamba bwino imapatsa ulemu. Ukafika nayo pa cilanga mulilo olo pa ukwati, alonda amatsegula geti osafunsa. Koma cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Musambitseni m'mawa ku Chalala, pofika pa tala yavala kale fumbi. Timadontho twa madzi tuja tumaonekela patali. Ndipo mukaimika pa dzuŵa mudzaona tumizele tozungulila monga ukonde wa kangaude. Tumizele tumenetu tumabwela na kansalu kamene mnyamata wapukutila matayala, wakagwetsa pansi, n'kukabweletsanso pa citseko. Mcenga uli m'kansaluko umakanda clear coat. Pa motoka yoyela tumizele tulipo ndithu, koma diso silituona; pa yakuda tumaoneka toyela pamalo akuda.

Nkhani ina ni kutentha. Akatswili a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America anaimika pa dzuŵa ma Honda Civic aŵili ofanana, ina yakuda, ina yasiliva. Anapeza kuti mpweya wa mkati mwa yasiliva unali wozizilako na madigili 5 mpaka 6. Amene anakhalapo m'motoka yakuda pa Lumumba Road masana a mu October, eyakoni itafa, safunika kumuuza zambili. Ndipo olo eyakoni ikuseŵenza, imamwa mafuta.

Yofiila na yabuluu wakuda zimatsatila pafupi. Yofiila ndiyo imadziŵika na kusuluka msanga, maka-maka pa motoka zakale zimene penti yake ilibe clear coat: denga na boneti zimasanduka pinki pamene zitseko zikali zofiila. Pa zatsopano vuto limayamba clear coat ikapsa. Coyamba pamaoneka ciphuphu coyela monga cikanga, kenako imayamba kusendeka monga khungu la njoka. Apo polishi siingathandize, yatsala ni kupentanso.

Yoyela: pali ziŵili

Si mwangozi kuti ma Hilux a makampani na mabungwe ambili ni oyela. Yoyela imabweza dzuŵa, imabisa fumbi louma na tumizele, ndipo imaoneka bwino pa msewu. Ofufuza a pa Monash University ku Australia anapeza mu 2007 kuti masana motoka zakuda zinali kupezeka m'ngozi kwambili na 12 pelesenti kuposa zoyela. Kwa ife amene tiyenda m'misewu imene malaiti amazima magetsi akapita, kuonekela si nkhani yocepa.

Nayonso ili na zake. Mvula ikagwa, matika ofiila a m'makomboni amailemba mpaka pa mawindo, phula la pa msewu watsopano limamatilila m'munsi mwa zitseko, ndipo kadzimbili kakayamba kamatsika monga misozi. Mukaisiya osasambitsa kwa nthawi yaitali, dothi lofiila limaloŵelela, motoka n'kukhala ya mtundu wa tiyi wa mkaka.

Cimene ogula ambili sadziŵa n'cakuti zoyela zili paŵili. Pali yoyela wamba, pali ya pearl, ija imanyezimila monga mkati mwa cigoba. Ya pearl imapopeledwa miyalo yoonjezela, ndipo kuifananitsa pambuyo pa ngozi ni nchito yovuta. Minibasi ikakukhudzani pa Kulima Tower, yoyela wamba amakonza citseko cimodzi n'kutha. Ya pearl, mmisili wabwino amafunika kupopelako na mbali zoyandikana kuti mtundu ugwilizane, ndiye mtengo umakwela. Mmisili wothamanga amangopenta citseko cokha, ndipo motoka imatuluka na zoyela ziŵili. Wogula aliyense akaona amati, "Boss, iyi inagundapo," n'kudula mtengo pomwepo.

Yasiliva: ya anthu otangwanika

Ngati mukhala kumene tala ikalibe kufika, ndipo mulibe nthawi yosambitsa motoka kaŵili pa wiki, yasiliva, yotuwa pang'ono olo ya mtundu wa mcenga ndiyo bwenzi lanu. Mtundu wake uli pafupi na wa fumbi lenilenilo, motelo ingathe wiki yathunthu osaoneka yauve. Siimakopa maso pa Manda Hill, zoona, koma pakapita zaka zisanu imaoneka mmene inabwelela, pamene inzake yakuda yakalamba. Vuto lake ni pokonza: tunyenyeswa tonyezimila tumene tuli mu penti tumagona mosiyana malinga na dzanja la wopopela, ndiye cigamba cimaonekela dzuŵa likapendeka. Komanso kukacita mdima wa mvula imafanana na msewu, conco yatsani malaiti msanga.

Musanapente, musanasambitse

Motoka iliyonse ili na nambala ya penti yake. Pa Toyota imalembedwa pa kacitsulo ka mu boneti olo pa mphuthu ya citseko, pafupi na zilembo C/TR. 040 ni yoyela wamba, 070 ni yoyela ya pearl, 202 ni yakuda, 1F7 ni yasiliva. Mukapita kwa osakaniza penti, pitani na nambalayo, ndipo tengani na kacitseko ka pothilila mafuta kuti ayelekezele, cifukwa penti imene yaswela pa dzuŵa zaka khumi siifanananso ndendende na ya m'citini. Ngati mwaganiza zosinthilatu mtundu wonse, kumbukilani kuti mtundu unalembedwa mu white book. Kadziŵitseni a RTSA kuti mapepala agwilizane na motoka, kuopela mikangano pa roadblock na pogulitsa.

Pa kasamalidwe, zinthu zimene zimapulumutsa penti n'zochipa. Fumbi louma osalipukuta na nsalu, yambani mwathila madzi ambili kuti mcenga utsike. Sambitsani pa mthunzi, boneti itazizila, ndipo pukutani madzi asanaume okha. Sopo wa ufa wocapila zovala na wotsukila mbale amacotsa polishi yoteteza, ndiye gulani shampu ya motoka, muziyenda nayo m'buti pamodzi na nsalu zanu ziŵili, ina ya matayala, ina ya pamwamba. Anyamata a pa car wash sakana mukawapatsa zanu na kuwauza mwaulemu. Pakani polishi mvula isanayambe, mubwelezenso ikatha. Makina opolishila aja amabwezadi kuwala, koma amacita zimenezo mwa kupala clear coat, conco si ya mwezi uliwonse.

Mthunzi nawonso muzisankha. Pansi pa mtengo wa mango olo wa jacaranda pamazizila, koma utomoni, maluŵa onyowa na zitosi za mbalame zikaswela pa dzuŵa zimasiya cipsela. Mukaona citosi, thilani madzi tsiku lomwelo.

Manje ngati mtima wanu uli pa yakuda, gulani, ndalama ni zanu. Koma musanatumize, imani pa geti panu muyang'ane msewu umene mudzayendamo tsiku lililonse, muone pamene motoka idzagona na pamene idzaswela, mufunsenso kumene madzi osambitsila acokela. Amene ali na galaji ku Kabulonga na amene amaimika panja ku Garden House angagule motoka imodzimodzi pa mtengo umodzimodzi, koma pogulitsa sadzalandila zofanana.