Kupuma Mwachifatse: Zimene Madokotala Apeza pa Yoga ndi Njira Zokhazikira Mtima Pansi

Mu Disembala 2001, magazini ya madokotala ya British Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa a Luciano Bernardi a ku yunivesite ya Pavia ku Italy ndi anzawo. Iwo anasonkhanitsa anthu 23 athanzi lawo nkuwalumikiza ku makina oyeza kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Anawapempha kuti apemphere korona m'Chilatini monga amachitira Akatolika, wina kutsogolera, wina nkumayankha. Anawapemphanso kuti abwereze mawu amene anthu ochita yoga amabwereza posinkhasinkha. Zinthu ziwirizi nzosiyana kochokera, chinenero ndi chikhulupiriro, koma makina anaonetsa zofanana: anthuwo, popanda kuuzidwa, anayamba kupuma pafupifupi ka 6 kokha pa mphindi. Munthu wamkulu akangokhala phee amapuma ka 12 mpaka 20.

Nambala ya 6 ili ndi chifukwa chake. M'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi yotuluka mumtima muli tizigawo timene timamva magazi akakwera kapena akatsika, ndipo timauza ubongo kuti mtima uchepetse kapena uwonjezere liwiro. Magazi amakwera ndi kutsika pang'ono pafupifupi masekondi 10 alionse. Munthu akamapuma kamodzi pa masekondi 10, mpweya wake ndi kayendedwe ka magazika zimayendera limodzi, ndipo ofufuza aja anapeza kuti pa nthawi yotere thupi limamva ndi kukonza msanga kusintha kwa magazi.

Aliyense akhoza kudzionera yekha mbali ina ya zimenezi. Akaika zala ziwiri pamkono pomwe pamagunda mtsempha, nkukoka mpweya pang'onopang'ono, amamva kugunda kukufulumira pang'ono. Akautulutsa mwachifatse, kugundako kumatsika. Ntchito imeneyi ndi ya mtsempha wautali wotchedwa vagus, umene umachokera pansi pa ubongo, kudutsa m'khosi, kufika kumtima, kumapapo mpaka kumatumbo. Ndiwo umauza mtima kuti ufatse, ndipo umagwira ntchito kwambiri pamene mpweya ukutuluka.

Mbali inayo ya thupi, yoliutsa, inafotokozedwa kalekale. Mu 1915, a Walter Cannon a ku yunivesite ya Harvard analemba za zimene zimachitika nyama kapena munthu akaona zoopsa: m'magazi mumathiridwa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika, m'mimba mumasiya kugaya chakudya, thupi lonse likukonzekera kumenya nkhondo kapena kuliyatsa liwiro. Dongosololi lili ngati mlonda woliza wenzulo akaona wakuba. Vuto ndi loti mlondayu sasiyanitsa wakuba ndi meseji ya eninyumba yokumbutsa za lendi. Fizi ya ana, tsiku lobweza kubanki m'khonde, bwana wokalipa, minibasi yosadzadza pamene nthawi yolowera ntchito yakwana, zonsezi zimamuliziritsa wenzulo, ndipo kwa anthu ambiri wenzuloyo simaleka kuyambira mbandakucha mpaka pogona. Zotsatira zake nzodziwika: mutu waukulu, khosi ndi mapewa kuuma, tulo osabwera, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono.

Izi si zongomva m'maganizo chabe. Mu 2021, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe la zantchito la ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposera apo pa sabata. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, chiopsezo cha sitiroko chinali chokwera ndi 35 peresenti. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa.

Dokotala amene anaika nkhani yokhazika thupi pansi m'manja mwa achipatala ndi a Herbert Benson, katswiri wa matenda a mtima wa ku Harvard komweko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, iwo ankafufuza za kuthamanga kwa magazi pa anyani pamene achinyamata ena ochita zosinkhasinkha anabwera kudzapempha kuti awayeze. Poyamba a Benson anakana, kenako anavomera. Anapeza kuti anthuwo akakhala pansi nkuyamba kusinkhasinkha, thupi lawo limagwiritsa ntchito mpweya wochepa, mtima umagunda mofatsa, kapumidwe kamatsika. M'buku lawo la mu 1975, The Relaxation Response, anafotokoza kuti palibe chinsinsi chamatsenga pamenepa. Pambuyo pake anati chofunika kwenikweni ndi zinthu ziwiri: kubwereza chinthu chimodzi, kaya ndi liwu, pemphero lalifupi kapena mpweya weniweniwo, komanso kusalimbana ndi maganizo ena akabwera, kungowasiya nkubwerera ku chobwerezacho. Iwo ankalangiza mphindi 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Mfundo imeneyi njofunika kwa anthu opemphera. Yoga inabadwira m'zipembedzo za ku India, ndipo Mkhristu kapena Msilamu amene amakayikira kuti alowe nawo m'kalasi ya yoga ali ndi ufulu wofunsa mafunso ake, sayenera kusekedwa. Koma a Benson ankalimbikitsa odwala awo kusankha mawu ochokera m'chikhulupiriro chawo chomwe. Thupi limamvera kapumidwe kofatsa ndi maganizo okhala pa chinthu chimodzi, ndipo zimenezi munthu angazipeze osasiya mpingo kapena mzikiti wake.

Yoga yotambasula ndi kupinda thupi imene yafala masiku ano inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1930 mumzinda wa Mysore, kumene a Tirumalai Krishnamacharya ankaphunzitsa kunyumba ya mfumu. Mmodzi mwa ophunzira awo anali mlamu wawo wamng'ono, B.K.S. Iyengar, mnyamata wofooka amene anadwalapo malungo, tayifodi ndi chifuwa chachikulu. Mnyamatayu anadzakhala mphunzitsi wotchuka mumzinda wa Pune ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Chimene anasiya chothandiza kwambiri anthu wamba ndi kugwiritsa ntchito matabwa, malamba, mabulangete ndi mipando, kuti nkhalamba, wodwala kapena munthu wouma thupi achite nawo popanda kudzikakamiza. M'chaka chomwecho cha 2014, bungwe la United Nations linavomereza kuti 21 Juni likhale tsiku la yoga padziko lonse, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015. Ku Nairobi, bungwe la Africa Yoga Project lakhala likuphunzitsa achinyamata a m'madera osauka kukhala aphunzitsi a yoga kuyambira 2007.

Pamene umboni wa yoga uli wooneka bwino ndi pa msana. WHO imati anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lapansi ankavutika ndi kupweteka kwa msana wa m'munsi mu 2020, ndipo telala wa pakhonde, dalaivala wa mtunda wautali, namwino wonyamula odwala ndi kalaliki wokhala pakompyuta tsiku lonse amalidziwa bwino vutoli. Mu 2017, a Robert Saper ndi anzawo a chipatala cha Boston Medical Center anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 320 odwala msana kwa nthawi yaitali, ambiri mwa iwo opeza movutikira. Gulu lina linkapita ku yoga kamodzi pa sabata kwa masabata 12, lina linkapita kwa adokotala a mafizo mpaka ka 15, lachitatu linangopatsidwa buku ndi malangizo. Pomaliza, a yoga anapeza bwino mofanana ndi a mafizo, pa ululu ndi pa kutha kugwira ntchito zawo, ndipo magulu awiriwa anachepetsa kumwa mankhwala opha ululu kuposa a buku aja. Kafukufukuyu ngwamtengo wapatali chifukwa sanachitike pa anthu olemera okhala ndi nthawi yambiri, koma pa anthu othamangathamanga ngati ena onse.

Komabe chilungamo chiyenera kunenedwa. Bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wambiri pamodzi, linaona mu 2022 kuti phindu la yoga pa msana lilipo koma ndi laling'ono, ndipo silisiyana kwenikweni ndi la masewera ena olimbitsa msana. Wotsatsa malonda amene akulonjeza kuti yoga ichiza shuga, khansa kapena kusabereka akunama, ndipo bodza lotere likhoza kutayitsa moyo.

Nanga munthu wolawirira m'mamawa nkubwerako kutada angayambire pati? Pa mphasa kapena mkeka umene ali nawo kale. Agwade, manja atsamire pansi molunjika ndi mapewa. Pokoka mpweya atsitse mimba, chifuwa chipite kutsogolo, nkhope iyang'ane chakumwamba pang'ono. Potulutsa mpweya akweze msana ukhote, chibwano chiyandikire pachifuwa. Akachita zimenezi kangapo mosathamanga, abwerere m'mbuyo akhalire zidendene, mphumi igunde pamphasa, manja atambasukire kutsogolo, apume momwemo kwa mphindi imodzi akumva nthiti zam'mbuyo zikufutukuka. Ngati mphumi sikufika pansi, apinde chitenje kapena bulangete atsamirepo. Kukokeka pang'ono kwa minofu nkwabwino, koma ululu wobaya ndi chizindikiro choti asiye.

Wosowa ngakhale malo oyala mphasa ali ndi mpweya wake. Akhoza kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga chamumtima mpaka 4, nkuutulutsa akuwerenga mpaka 6. Apo wapuma kamodzi pa masekondi pafupifupi 10, ndipo palibe amene angadziwe kuti akuchita kanthu, kaya ali pamzere wa kubanki kapena wapanikizika pampando wakumbuyo wa minibasi. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa njira ina mu kafukufuku amene anatuluka mu 2023: kukoka mpweya kawiri motsatizana ndi mphuno, koyamba kwambiri, kachiwiri kongodzadzitsa mapapo, kenako kuutulutsa wonse pang'onopang'ono ndi pakamwa, monga amachitira mwana akatha kulira. Anthu amene ankachita izi mphindi 5 zokha tsiku lililonse kwa mwezi umodzi anati mtima wawo unkakhala m'malo kuposa amene ankangokhala chete nkumasinkhasinkha.

Kwa amene tulo timavuta pali njira yakale ya a Edmund Jacobson, dokotala wa ku Chicago amene anailemba m'buku mu 1929. Iwo anaona kuti anthu ambiri amayenda ndi minofu yokungika osadziwa, choncho ayenera kuphunzira kusiyanitsa kukungika ndi kumasuka. Masiku ano njirayi imaphunzitsidwa mwachidule. Munthu atagona chagada afumbate chibakera mwamphamvu masekondi 5, kenako atambasule dzanja nkumvetsera kwa kanthawi mmene likulemerera ndi kufunda. Apitirize ndi mikono, mapewa, nsagwada, mimba, ntchafu mpaka zala za kumapazi. Ambiri amadabwa akafika pa nsagwada, pozindikira kuti akhala atalumanitsa mano tsiku lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene nkhani za yoga zimakonda kulumpha, ndipo sichiyenera kulumphidwa. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, kuphikira ana, kukagulitsa pamsika nkubwera kudzaphikanso, satopa chifukwa chosadziwa kupuma bwino. Watopa chifukwa ntchito yamuchulukira. Mlonda wogwira maola 12 usiku uliwonse wopanda tsiku lopumula sangawomboledwe ndi mphasa. Mu 2019 WHO inafotokoza kutheratu mphamvu kwa ogwira ntchito ngati vuto lochokera kuntchito kumene kupanikizika sikunasamalidwe, zomwe zikutanthauza kuti olemba anthu ntchito ali ndi mbali yawo. Mphindi 10 zokhazika mtima pansi zimathandiza thupi kupirira, ndipo nzoyenera kuzipeza, koma kugawana ntchito zapakhomo, kulemekeza maola oweruka ndi kupereka tchuthi ndi mankhwala amene munthu sangadzipatse yekha.

Ena ayenera kufunsa kuchipatala asanayambe. Amayi oyembekezera asagone chafufumimba kapena kupotokola mimba mwamphamvu. Odwala matenda a maso a glaucoma apewe kuima chadodolido ndi kuzolika mutu nthawi yaitali, chifukwa zimakweza mphamvu ya madzi a m'diso. Okalamba ofooka mafupa, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amene ululu wa msana ukutsikira m'mwendo limodzi ndi dzanzi ayambe aonana ndi adokotala. Amene nkhawa yawafikitsa posadya, posagona masabata angapo kapena poganiza zodzipha akufunika thandizo la achipatala kapena aphungu mwamsanga, osati kungouzidwa kuti apume mozama.

Amene akumwa mankhwala a BP apitirize kumwa ngakhale atayamba kumva bwino, chifukwa kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi. Njira yodziwira ngati kupuma mwachifatse kukuthandiza ndi kuyezetsa asanayambe, kulembetsa manambalawo m'buku la kuchipatala, ndi kukayezetsanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ngati manambala atsika, wosintha mlingo wa mankhwala akhale dokotala amene akuwaona.