Peace lily safuna madzi tsiku ndi tsiku

Ambiri amene amagula duwa la peace lily kuti likongoletse pabalaza amadabwa kuliona likufota patangopita miyezi yochepa, ndipo amaganiza kuti analimana madzi. Komatu nthawi zambiri chimene chimalipha ndi madzi ochuluka. Chomerachi, chimene akatswiri amachitcha Spathiphyllum, kwawo ndi m'nkhalango zotentha za ku America, monga ku Colombia ndi Venezuela. Kumeneko chimamera pamthunzi wa mitengo italiitali, m'dothi lofewa la masamba owolerana, lachinyezi koma losadikha madzi. Wolisunga m'nyumba ntchito yake ndi kutsanzira malo amenewa basi.

Wina angatsutse kuti duwali likagwetsa masamba ndiye kuti lili ndi ludzu. N'zoona, likauma limalefuka, ndipo mukalithirira limadzuka m'maola ochepa. Vuto ndi lakuti mizu ikakhalitsa m'matope imasowa mpweya n'kuwola, ndipo mizu yowola siyamwa madzi. Masamba amagwa chimodzimodzi, mwini wake n'kuwonjezera madzi, kenaka duwa n'kuferatu. Choncho musanathirire, pisani chala m'dothi masentimita awiri kapena atatu. Ngati muli chinyezi, dikirani. Mphika ukhale wobowola pansi, ndipo madzi otsalira m'mbale yake muziwataya. M'nyengo yozizira muchepetse kuthirira.

Enanso amati poti limapirira mthunzi, likhoza kukhala pakona pamdima. Silifa msanga, koma silimasula. Choyera chija chimene timachisirira si duwa lenileni, ndi tsamba lophimba kamtengo kamene pali timaluwa ting'onoting'ono, ndipo kuti chituluke pamafunika kuwala. Liikeni pafupi ndi zenera la katani, poti dzuwa likaliomba mwachindunji masamba amapserera.

Palinso mbiri yakuti limayeretsa mpweya. Inachokera pa kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, amene anaonetsa kuti zomera zina, kuphatikizapo ichi, zimachotsa mankhwala ena oipa mumpweya. Koma anayesera m'timabokosi totsekedwa. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel anaunikanso nkhaniyi n'kupeza kuti m'nyumba yeniyeni pangafunike zomera zosachepera khumi pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mpweya wolowa kuchokera panja. Kutsekula zenera n'kothandiza kuposa.

Chenjezo lofunika ndi lokhudza ana ndi ziweto. Peace lily ndi wa banja limodzi ndi koko, ndipo monga momwe koko wosapsa amayabwira kukhosi, masamba ake ali ndi timiyala ta calcium oxalate timene timaotcha m'kamwa. Liikeni pamene mwana, mphaka kapena galu sangafike. Mukasamala kuthirira, kuwala ndi malo oliika, limakhala zaka zambiri, ndipo likadzaza mphika mukhoza kugawa phata lake n'kubzala m'miphika ina.