Kodi a ku Banki ya Zambia amadzisindikizira okha malipiro?

Chiyambire pa 31 Marichi 2025, pamene Banki ya Zambia inatulutsa ndalama zatsopano kuphatikizapo mapepala a K200 ndi K500, mawu ena akale ayambanso kumveka kwathu kuno ku Chipata. Munthu akagwira pepala latsopano pamsika wa Kapata, amaliyang'anitsitsa uku ndi uku, kenako n'kunena kuti, "Amene amapanga izi sadziwa njala. Mwezi ukatha amangotapa." Ena amawonjeza kuti anthu amenewa salipira msonkho, ndipo malipiro awo amawakambirana okhaokha atatseka chitseko.

Amene amalankhula chonchi sindiwadzudzula. Mphunzitsi wa ku Chiparamba amene payslip yake yadyedwa ndi ngongole, kapena mayi amene wakhala pa thebulo la tomato kuyambira mbandakucha, ali ndi chifukwa chokayikira aliyense wokhala pafupi ndi ndalama. Koma m'mawu amenewa muli zoona ndi zosakhala zoona, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa.

Za kusindikiza zija, Banki ya Zambia imachita kugula ntchito imeneyi kwa makampani akunja, ndipo imalipira ndalama zambiri kuti mapepalawo afike m'dziko muno. Akafika amawerengedwa, ndipo satuluka mwachisawawa. Banki ngati Zanaco ikafuna ndalama zoti ipatse makasitomala ake pa nthambi ya ku Chipata, Banki ya Zambia imachotsa ndalama zofanana nazo pa akaunti ya bankiyo. Pepala lililonse limene lili m'thumba mwanu linalembedwa m'mabuku ngati ngongole ya Banki ya Zambia, osati ngati phindu loti antchito agawane. Akuluakulu amene anaona zaka zoyambirira za m'ma 1990 akukumbukira mitengo ikukwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi, ndipo tonse tikukumbukira kuti pa 1 Januwale 2013 tinachotsa maziro atatu pa kwacha. Anzathu a ku Zimbabwe anafika pogwira pepala la madola 100 thiriliyoni. Ntchito yaikulu ya anthu amene tikuwanenawa ndiyo kuletsa zoterezi, ndipo cholinga chimene anaikiridwa n'chakuti mitengo izikwera pakati pa 6 ndi 8 peresenti pachaka.

Nanga malipiro awo amachokera kuti? Bankiyi ili ndi njira zake zopezera ndalama: chiwongoladzanja cha ndalama zakunja zimene dziko limasunga, chiwongoladzanja cha ndalama zimene imabwereketsa mabanki, ndiponso ndalama zimene mabanki ndi makampani ena amalipira chifukwa chopatsidwa ziphaso ndi kuyang'aniridwa. Apa ndiye pali choona chimene anthu a pamsika aja achigwira bwino. Mwini wa Banki ya Zambia ndi boma, ndipo phindu likatsala, gawo lina limapita ku thumba la boma. Choncho kwacha iliyonse imene yapita ku malipiro ndi ya ife tonse, ndipo kufunsa za iyo si nsanje ayi.

Za msonkho n'zachidule. Amalipira PAYE monga wantchito wina aliyense. M'chaka cha 2024, K5,100 yoyamba pamwezi sinkadulidwa msonkho, koma ndalama zopitirira K9,200 zinkadulidwa 37 peresenti. Wolandira zambiri amasiya zambiri ku ZRA, bungwe lotolera msonkho.

Kuti amalandira bwino kuposa mphunzitsi kapena namwino, zimenezo n'zoona ndipo palibe chifukwa chozibisira. Chimodzimodzinso a ku Pensions and Insurance Authority, amene amayang'anira penshoni ndi inshuwalansi, ndi a ku Securities and Exchange Commission, amene amayang'anira msika wa masheya. Chifukwa chake ndi ichi. Munthu amene amatumidwa kukafufuza mabuku a banki ayenera kudziwa zowerengera ndalama kuposa amene akumufufuzayo, ndipo munthu wotereyu mabanki a malonda amamufunanso. Mukamulipira zochepa, mawa mumupeza wakhala pa desiki ya banki imene dzulo ankaifufuza. Akapanda kuchoka, pali choopsa china choposa pamenepo: mlonda wanjala pa nkhokwe savuta kumunyengerera. Pa 2 Epulo 2024 Banki ya Zambia inalanda Investrust Bank itaona kuti ngongole zake zaposa chuma chake, monga inachitiranso ndi Intermarket Banking Corporation m'chaka cha 2016. Pa masiku ngati amenewo, ndalama za mlimi amene anasunga atagulitsa fodya kapena soya zimadalira anthu ochepa amene sangagulidwe ndi envulopu. Ine ndingakonde kuti anthu amenewo akhale okhuta.

Komabe kusiyana kukakula kwambiri kumawawa, ndipo kwa zaka zambiri mabungwe a boma ankalipira mosiyanasiyana, moti madalaivala awiri ogwira ntchito yofanana ankatha kulandira malipiro otalikirana chifukwa wina ali ku unduna, wina ku bungwe. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwanso m'chaka cha 2016 anatchula bungwe la Emoluments Commission, ndipo lamulo lolikhazikitsa linadutsa m'chaka cha 2022. Ntchito yake ndi kuona malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake, ndi kuyesa kuwalinganiza. Ntchito imeneyi si ya tsiku limodzi, ndipo aphunzitsi ndi anamwino athu ali ndi ufulu wofunsa kuti yafika pati.

Chitseko chija nachonso sichotsekeratu. Chaka chilichonse Banki ya Zambia imatulutsa lipoti limene akatswiri ofufuza mabuku amaliunika, ndipo muli ndalama zonse zimene zapita kwa antchito. Simupezamo dzina la munthu aliyense ndi malipiro ake, koma chiwerengero chonse chilipo, pa intaneti, kwaulere. Mu Disembala 2023 dziko linalandiranso lamulo la Access to Information, lopatsa nzika mphamvu yofunsa mabungwe a boma.

Chimene ndimafuna kuti tizifunsa kwambiri kuno kum'mawa n'chakuti ntchito imene tikulipirayo ikutifika bwanji. Likulu la bankiyi lili ku Lusaka, ofesi ina yaikulu ku Ndola, koma malamulo ake ali pano pakati pathu. Kabokosi ka Airtel Money kapena MTN pamene mtsikana amalemba nambala yanu m'buku asanakupatseni K150, kali pansi pa Banki ya Zambia. Ma bureau osinthira ndalama kwa opita ku Mwami ndi ku Mchinji, ndi makampani obwereketsa ndalama kwa ogwira ntchito m'boma, onse amayenera kukhala ndi chiphaso chake. M'chaka cha 2018 ndi bankiyi imene inaletsa mabanki kudula makasitomala ndalama zina zopanda chifukwa chomveka.

Choncho munthu akabwera kumudzi kapena kutchalitchi n'kulonjeza kuti K1,000 yanu ibereka K2,000 mwezi umodzi, mufunseni chiphaso, ndipo yang'anani dzina la kampani yake pa mndandanda umene Banki ya Zambia imaika pa intaneti. Banki kapena kampani ya ngongole ikakudulani molakwika, lembani dandaulo kwa iwo ndi kusunga kope lake. Akapanda kukuthandizani, litumizeni ku Banki ya Zambia. Anthu amenewa amalipidwa kuti akuyankheni, ndiye musachite nawo manyazi.