Galu nayenso amadwala matenda a shuga

Mabanja ambiri mu Lusaka amawadziwa bwino matenda a shuga, pakuti ambiri ali ndi mbale amene analetsedwa tiyi wotsekemera ku cipatala. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti galu wa pakhomo nayenso amadwala matenda omwewa. Galu wotere akayamba kuonda, eni ake amathamangira kugula mankhwala a njoka za m'mimba, ena amaganizira anansi kuti amupatsa poizoni. Pamene adzafika naye kwa dotolo wa ziweto amakhala atataya kale milungu yambiri, mwinanso maso a galuyo atayera kale.

Pafupi ndi cifu, pamene payambira matumbo, pali ciwalo cochedwa kapamba. Imodzi mwa nchito zake ndiyo kutulutsa insulini, amene amatsegulira shuga njira yocoka m'magazi kulowa m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Nsima, mpunga, buledi ndi mbatata zonse zimasanduka shuga zikagayika m'mimba. Insulini akasowa, shugayo amangounjikana m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Akacuruka kwambiri, impso zimalephera kumusunga ndipo amatayikira mu mkodzo, nakoka madzi ambiri popita. Ndiye cifukwa cake wodwala amakodza kawiri-kawiri, amamva ludzu losatha, amadya kwambiri koma ali kuonda.

Agalu ndiwo anaphunzitsa madotolo zimenezi. Mu 1889 ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anacotsa kapamba wa galu, ndipo galuyo anayamba kukodza kosaleka mkodzo wodzala ndi shuga. Mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anatenga madzi a mu kapamba nalasa agalu odwala shuga, shugayo natsika. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kulandira insulini.

Pali kusiyana kumodzi kwakukuru pakati pa shuga wa galu ndi shuga wa akulu-akulu ambiri amene amaonedwa m'makiliniki. Mwa munthu wamkulu, kawiri-kawiri kapamba amakhala akali kutulutsa insulini pang'ono, motero mapilisi monga metformin ndi glibenclamide amathandiza. Mwa galu, mbali ya kapamba yopanga insulini imakhala itafa, monga zimacitikira kwa ana odwala shuga. Mapilisi a ambuya kapena a atate sangamucize galu ai. Kumugawira ndi kutaya mankhwala a munthu amene akuwafuna, ndiponso ena mwa mapilisiwo angathe kumudwalitsa koposa. Galu wodwala shuga afunika nyeleti ya insulini, nthawi zambiri kawiri pa tsiku, moyo wake wonse.

Matendawa amakonda agalu a zaka 7 kupita m'mwamba, ndipo aakazi osatsekedwa ndiwo amagwidwa kwambiri kuposa amphongo. Tiagalu tating'ono ta mitundu ya Poodle, Terrier ndi Dachshund, tomwe timakhala m'nyumba ku Kabulonga ndi ku Woodlands, tili pa ngozi kuposa German Shepherd wolonda pa geti. Koma galu wamba wa ku Kabwata kapena ku Chelstone sanasiyidwe. Zotsala za nyama yamafuta, zikopa za nkhuku ndi mafuta a mu poto zingathe kutupitsa kapamba, ndipo kapamba wotupa kawiri-kawiri amatha kuleka kupanga insulini. Kunenepa nako kumacititsa kuti insulini asagwire bwino nchito, ndipo galu wokhala mkati mwa mpanda tsiku lonse osayenda sacedwa kunenepa.

Cizindikiro coyamba ndi madzi. Mbale imene kale inali kukwana tsiku lonse tsopano imauma nthawi ya masana isanakwane. Galu wa m'nyumba amene sanali kuononga pansi amayamba kukodza usiku pa citseko, ndipo pamene wakodza pamasonkhana nyerere, pakauma pamamata. Pali njira yapafupi yoyesera. M'mawa athire madzi oyezedwa ndi botolo la malita, mawa lake ayeze otsala. Galu akamamwa madzi opitirira mamililita 100 pa kilogilamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndiye kuti wapyola muyezo. Galu wolemera makilogilamu 20 akamatha madzi opitirira malita 2 masiku angapo otsatizana, afunika kupimidwa. M'mwezi wa Okutobala agalu onse amamwa kwambiri kaamba ka kutentha, koma galu wabwino saonda nazo.

Zizindikiro zomwezi zikaoneka pa munthu wa m'nyumba, kaya mwana kaya wamkulu, asadikire. Apite ku kiliniki akapimitse magazi. Koma shuga sapatsirana. Ana angathe kusewera ndi galu wodwala popanda mantha.

Si galu aliyense womwa madzi ambiri amene ali ndi shuga. Matenda a impso amacita cimodzi-modzi. Galu wamkazi amene wangotha nyengo yofuna amphongo, akayamba ludzu, kufooka ndi kukana cakudya, angakhale ndi mafinya m'cibaliro, ndipo amenewo ndi matenda ofuna opaleshoni msanga. Ndiye cifukwa cake kupima sikungalumphidwe. Dotolo wa ziweto amapima shuga m'magazi ndi mu mkodzo womwe, ndipo akapezeka wokwera konse kuwiri ndipo amatsimikiza. Mu Lusaka muli madotolo a ziweto odziimira paokha, ndiponso sukulu ya udotolo wa ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia, pa mseu wa Great East umene mabasi a ku Chelstone amadutsa, ili ndi cipatala colandira agalu ndi amphaka. Kutenga mkodzo wa m'mawa m'kabotolo koyera kumafulumizitsa nchito.

Za agalu aakazi pafunika mau oonjezera. Galu wamkazi akatha nyengo yofuna amphongo, kaya watenga mimba kaya sanatenge, thupi lake limakhala ndi homoni yochedwa progesterone kwa miyezi pafupi-fupi 2. Homoni imeneyi imacititsa kuti m'mawere mutuluke homoni ina yolimbana ndi insulini. Motero galu wamkazi wodwala shuga sangakhazikike ngati sanacotsedwe cibaliro, pakuti nyengo iliyonse shuga amakweranso. Nthawi zina, opaleshoni ikacitika msanga, shuga amatheratu. Nyeleti za kulera za azimai, monga Depo-Provera, zili ndi mankhwala a mtundu womwewo wa progesterone. Kulasa galu nyeleti yotere kuti asabale ndi kumuitanira shuga ndi mafinya a m'cibaliro pamodzi.

Dotolo akatsimikiza matendawa amasankha insulini ndi muyezo wake malinga ndi kulemera kwa galu, kenaka amasintha pang'ono-pang'ono m'milungu yotsatira. Nyeleti imalasidwa pansi pa khungu, m'mbali mwa cifuwa kapena mwa mimba, malo nkumasinthidwa. Ndi yaing'ono kwambiri ndipo agalu ambiri saimva nkomwe, makamaka akakhala ali kudya.

Pamene pagona ngozi yaikuru ndi pa sirinji. Insulini wa anthu ali ndi mayuniti 100 pa mililita imodzi, ndipo pa botolo ndi pa sirinji yake pamalembedwa U-100. Insulini wopangidwira ziweto, monga Caninsulin, ali ndi mayuniti 40 pa mililita, ndipo sirinji yake ndi ya U-40. Munthu akatenga insulini wa U-100 ndi sirinji ya U-40 nakoka kufika pa mzere wa 10, wapatsa galu mayuniti 25 m'malo mwa 10, ndipo galu angathe kufa tsiku lomwelo. Akatenga insulini wa U-40 ndi sirinji ya U-100 kufika pa mzere womwewo, galu walandira mayuniti 4 cabe, ndipo banja lidzadabwa kuti mankhwala sakugwira. Nambala ya pa botolo ndi ya pa sirinji ziyenera kufanana nthawi zonse. M'nyumba imene muli munthu wolasa insulini, botolo la galu lilembedwe dzina ndi kuikidwa m'kabokosi kake-kake. Insulini amene wodwala walandira ku cipatala ndi wake yekha.

Insulini amaonongeka ndi kutentha ndiponso ndi kuuma ngati ayezi. Malo ake ndi mu filiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, kutali ndi mbali youmitsa nyama. Wogula mankhwalawa m'tauni, m'makemisiti a mu Cairo Road, asawasiye m'galimoto yoima padzuwa kapena kuwanyamula m'thumba la malaya pa basi. Awaike m'fulasiki yozizira. Anthu a mu Lusaka akumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku. Pa nthawi yotere filiji isamatsegulidwe kawiri-kawiri. Magetsi akacedwa, botolo liikidwe m'kacitini kotseka bwino, kacitiniko kakhale mu mtsuko wadothi wokhala ndi mcenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Insulini woyera ngati mkaka asakanizidwe monga anenera dotolo asanakokedwe. Akaoneka ndi timibulu tosasungunuka, ameneyo watha nchito.

Cakudya ciyendere pamodzi ndi nyeleti: kawiri pa tsiku, maora 12 pakati, muyezo umodzi-modzi, mwacitsanzo 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Sikuti banja liyenera kugula cakudya codula ca m'masaka. Cofunika ndi cakuti mbale ya lero ifanane ndi ya dzulo. Nyama yopanda mafuta, nkhuku yosenda cikopa, mazira, kapenta wotsukidwa mcere ndi ndiwo zamasamba zophika zopanda anyezi zikhale zocuruka, nsima ikhale yocepa, ndipo ya ufa wa roller iposa ya breakfast pakuti ili ndi gaga. Zitumbuwa, mabanzi, mabisiketi ndi tiyi wotsala zileke. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa, cifukwa amai amayeza bwino-bwino koma ana ali kuponya nyenyeswa pansi pa tebulo, wanchito naye ali kukhuthulira m'mbale zotsala za masana. Onse a pakhomo afunika kuuzidwa. Madzi okha ndiwo asamanidwe, ngakhale galu akodze cotani. Kuyenda naye pang'ono tsiku lililonse pa nthawi imodzi-modzi kumathandiza, koma kumuthamangitsa kwambiri mwadzidzidzi kumagwetsa shuga.

Galu ayambe wadya, nyeleti ibwere pambuyo. Akakana cakudya kapena akasanza, asalandire muyezo wonse. Mwini wake afunse dotolo. Ngati pali cikaiko kuti nyeleti yalowa kapena yatayikira pa ubweya, isabwerezedwe. Ndi bwino munthu mmodzi akhale wolasa, ndipo pa khoma pakhale pepala lolembapo ora, cifukwa galu wolasidwa kawiri ndi anthu awiri ali pa ngozi kuposa amene waphonya kamodzi.

Shuga akatsika kwambiri galu amafooka, amanjenjemera, amayenda dzandi-dzandi ngati woledzera, ndipo angathe kugwa ndi kuphupha. Pomwepo apakidwe uci kapena shuga wosungunula m'madzi ocepa pa nkhama zake. Asathiridwe madzi kukhosi ngati wakomoka, ndipo zala zisalowe pakati pa mano. Akadzuka apatsidwe cakudya, kenaka apite kwa dotolo tsiku lomwelo. Ngozi ina ndi ya galu amene wakhala nthawi osalandira insulini. Thupi limayamba kuotcha mafuta ake, magazi nadzala asidi. Galu amasanza, amakana kudya, amapuma mofulumira ndi kugona osadzuka. Ameneyu afunika madzi a m'mitsempha ku cipatala ca ziweto, ndipo kunyumba kulibe cimene cingamuthandize.

Maso ndiwo amakhumudwitsa eni agalu. Pafupi-fupi agalu 3 mwa 4 odwala shuga amacita ng'ala caka cisanathe, ngakhale ena osamalidwa bwino. Ng'ala siicoka ndi mankhwala odonthezera. Komabe galu amadalira mphuno ndi makutu kwambiri, ndipo wakhungu amayenda bwino pa bwalo limene alidziwa, malinga ngati mbale zake sizisunthidwa ndipo geti ndi maenje ndi zotseka. Diso likafiira kapena galu akamalitsinzina, dotolo alione.

Pali matenda ena awiri a mahomoni amene amasokonezedwa ndi shuga kapena kubwera naye pamodzi. Oyamba ndi a Cushing, pamene tiziwalo tokhala pamwamba pa impso titulutsa homoni ya cortisol yocuruka. Galu amamwa ndi kukodza kwambiri, mimba imalendewera, ubweya umathothoka mofanana mbali zonse ziwiri, khungu limapyapyala ndipo amapuma wefu-wefu ngakhale kuli kozizira. Mapilisi a prednisolone ndi nyeleti za dexamethasone, zimene ena amapatsa galu wodzikanda, zingabweretse zizindikiro zomwezi ndi kukweza shuga. Galu amene wamwa mankhwalawa nthawi yaitali asalekeretu mwadzidzidzi. Dotolo ndiye amacepetsa pang'ono-pang'ono. Aciwiri ndi kufooka kwa cithokomiro ca pakhosi. Galu amanenepa asakudya kwambiri, amakonda kugona padzuwa, mcira umasala ngati wa khoswe. Awa amapimidwa m'magazi ndipo mapilisi a levothyroxine amawagonjetsa, koma muyezo wa galu ndi wosiyana kutali ndi wa munthu. Galu wa shuga amene insulini sakumugwira ngakhale muyezo wakwezedwa, dotolo amamufufuza matenda awiriwa, pamodzi ndi matenda a m'cikhodzodzo ndi mano owola.

Kusamala galu wotere kumadya ndalama: insulini, masirinji ndi kupimitsa mwezi ndi mwezi poyamba. Kumafunanso munthu wopezeka pakhomo m'mawa ndi madzulo, ngakhale pa tsiku la maliro kapena la ulendo wa kumudzi. Galu wosamalidwa motere angathe kukhala zaka zingapo ali wamphamvu, ali kulonda nyumba. Banja limene laona kuti silingakwanitse linene poyera kwa dotolo wa ziweto, pakuti galu wosiyidwa wopanda insulini amafa movutika, ndipo dotolo angathe kumugoneka mosamva kuwawa. Masirinji ogwiritsidwa kale nchito aikidwe m'botolo lolimba lotseka, kutali ndi ana, ndipo likadzala liperekedwe kwa dotolo yemweyo kuti likatenthedwe.