Dzino lobooka si lozula nthawi zonse

"Adokotala, ingolizulani, ndipumeko." Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse. Munthu amabwera atagwira tsaya, maso ali gwa, usiku wonse sanagone. Ena amati muli nyongolotsi imene ikulifukula dzinolo.

Nyongolotsi mulibe. Pamano pamamatirira tizilombo tosaoneka ndi maso. Timeneti timadya shuga wotsalira wa mu tiyi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera, n'kutulutsa asidi amene amanyenya dzino pang'onopang'ono mpaka kuliboola. Bowolo likakhala laling'ono, dzino lingapulumuke.

Njira imodzi yolipulumutsira inabadwira kwa anansi athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, ankagwira ntchito kumadera kumene kunalibe magetsi oyendetsera makina oboolera mano. Iye anayamba kukokota chowolacho ndi kachitsulo konga kasupuni, kenaka n'kumata bowolo ndi phala lolimba. Lero timamatira phala lotchedwa glass ionomer, lomwe limagwira dzino komanso kutulutsa fluoride wolimbitsa mano. Njirayi imatchedwa ART.

Koma pa ntchito yathu, nzeru yatsopano sitiikhulupirira chifukwa choti yamveka bwino. Timaiyesa. Apa ndi pamene kafukufuku amalowera. Ku Thailand ndi ku Zimbabwe, akatswiri anamata mano a anthu ambiri, nalemba dzino lililonse m'kaundula, n'kumabwerera kukaliona. Ku Zimbabwe, patatha zaka 3, mwa mano 10 alionse obooka mbali imodzi, oposa 8 anali akadali omatika bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku wa mano amafuna kudekha komweko. Mu 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika phala la glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Kafukufuku yemweyo anatiuzanso malire a njirayi. Bowo likakula n'kudya mbali zingapo, chomatacho sichikhalitsa. Kuwola kukafika pa mtsempha, tsaya n'kutupa, kumata kokha sikuthandiza. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamazula dzino la mwana wasukulu limene likanapulumuka chaka chatha.

Choncho musadikire kuti tsaya litupe. Mukamwa madzi ozizira dzino n'kulasa, kapena nyama ikamakanirira pamalo amodzimodzi, bwerani tilione. Tsiku limenelo n'kutheka kuti mudzabwerera kwanu ndi mano anu onse.